Mbale ya agogo, ntchito ya lero: mmene kunenepa kunalowera kwathu ku Namitambo

Lero ndalemba zazitali pang'ono, ndiye ngati muli ndi mphika pamoto muyambe mwaphula.

Tsiku lina kuntchito kunabwera mayi ena a zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo, akudandaula mutu, maondo ndi phuma akakwera kamtunda. BP yawo inali yokwera, sikelo nayo inawerenga makilogalamu 92, pomwe iwo ndi aafupi ngati ine. Titakambirana za mankhwala ndinawauza kuti zingawathandize atachepetsako thupi. Anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anati, "Anesi, mukufuna kumudzi azinena kuti ndadwala?"

Sindinawaseke, ndipo inu musawaseke. Mantha amenewa ali ndi kumene anachokera. Tikapanda kudziwa mbiri yake, uphungu wonse wa "idyani pang'ono, yendani kwambiri" umangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Tiyambe ndi agogo a agogo athu. Cha m'ma 1900, mabanja ambiri a Alomwe anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kudzakhala kuno kumapiri a Shire, ambiri a iwo m'minda ya azungu. Ku Magomero kunali esiteti ya A.L. Bruce, kumene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake. Imeneyo ndiyo inali thangata, imodzi mwa nkhanza zimene zinachititsa kuti M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe aukire mu January 1915. Munthu ankagwira ya mzungu, akaweruka n'kukagwira ya m'munda mwake. Mayi ankakonola chimanga mumtondo, kupeta, kuviika mphale, kusinja, kusefa, kenaka mtsuko pamutu ulendo wa kudambo, mawa lake nkhuni kuphiri. Wofuna kupita ku Limbe ankapita wapansi. Ndiwo zinali nkhwani wotendera, chisoso, therere, nandolo, khobwe, mwina tinsomba touma. Mafuta ophikira a m'botolo munalibe m'nyumba zambiri, shuga ankaoneka mwa apo ndi apo. Mitanda ya nsima inali ikuluikulu, inde, koma yonse inkathera pa khasu ndi pa munsi. Wonenepa masiku amenewo kawirikawiri anali munthu amene ena ankamugwirira ntchito. N'chifukwa chake mpaka lero tikamuona munthu mimba yatuluka timati zake zikuyenda.

Mu 1938 boma la atsamunda linatumiza gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Dr B.S. Platt kuti lidzafufuze kadyedwe ka anthu a Nyasaland. Anakakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, akuyeza pa sikelo ufa, ndiwo ndi anthu omwe. Funso lawo linali limodzi: kodi anthuwa akudya zokwanira ntchito imene akugwira? Panalibe amene ankada nkhawa ndi kunenepa. Vuto linali lomwe alimi tonse timalidziwa, loti miyezi ya ntchito yaikulu, ya kupalira ndi kubandira, ndi miyezi yomweyo imene nkhokwe imakhala itapepuka.

Kenaka kunabwera 1949. Mvula inadula, ndipo njala inakantha chigawo chakumwera, makamaka Blantyre ndi madera oyandikana nayo. Abambo ambiri anachoka kukasaka chakudya kutali, ena osabwererako. Boma linatsegula misasa yodyetserako anthu amene anafookeratu. Katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, analemba buku lonse za njala imeneyi mu 1987, ndipo zambiri anazimva kwa amayi okalamba komanso m'nyimbo zimene ankaimba pamtondo. Ngati muli ndi agogo amene anaiona, afunseni akadali moyo. Ambirife tikukumbukira ya 2002, pamene anthu ankalimbirana madeya ndipo ena anafika podya zitsa za nthochi. Amene anakula akuona zimenezi sasiya nsima m'mbale, ndipo mwana wake akakana kudya amamva ngati dziko lagwa.

Njala ija tinali tisanaiiwale pamene kunafika china choopsa kuposa. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi awiri aliwonse m'dziko muno anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo Chiradzulu inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Matendawa anthu anawapatsa dzina loti kaliwondewonde. Kuyezetsa magazi kunali kosowa, ndiye diso ndi limene linali makina oyezera. Munthu akangotsika thupi, pachitsime nkhani inali yomweyo. Ine ndinali mwana, koma ndikukumbukira akuluakulu akunong'onezana munthu akadutsa, ndi Loweruka lililonse kumanda.

Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières, limene timangoti MSF, linayamba kupereka ma ARV kuchipatala cha boma ku Chiradzulu, amodzi mwa malo oyambirira kumidzi ya mu Africa kumene mankhwalawa anaperekedwa mwaulere. Pambuyo pake chithandizochi chinafika m'zipatala zing'onozing'ono ngati cha Namitambo, ndipo mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere dziko lonse. Anthu amene anabwera atanyamulidwa pa njinga anayamba kubwera okha. Mwezi uliwonse ankakwera pa sikelo, namwino n'kulemba nambala. Ikakwera, aliyense ankasangalala, ife a chipatala omwe. "Thupi labwerera," tinkatero. Ndiye kwa zaka makumi awiri ndi ife tomwe a yunifomu tinaphunzitsa anthu kuti sikelo ikamakwera ndiye kuti moyo ukubwerera, ndipo pa nthawi imeneyo zinali zoona. Lero tikamabwera ndi uthenga wina, tisadabwe kuti mayi aja anandifunsa funso lija.

Pamene maso athu onse anali pa kuonda, zinthu zina zinkasintha mwakachetechete. Zigayo zinafika pafupifupi pa msika uliwonse, ndipo zokonolera zomwe zinabwera, mtondo n'kutsalira nsinjiro basi. Mijigo inayandikitsa madzi. Kunabwera kabaza wa njinga yakapalasa, kenaka wa njinga yamoto, moti ulendo wa kumsika umene amayi athu ankayenda ndi dengu pamutu, lero timakhala pa mpando. Sindikudandaula ayi. Amene anasinjapo thumba lonse la chimanga sangalakelake masiku amenewo.

M'mbale namo munasintha. Munda wa nzimbe ndi fakitale ya shuga ku Nchalo zinayamba m'zaka za m'ma 1960, ya ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pang'onopang'ono tiyi wa shuga anakhala kadzutsa wa aliyense amene ali ndi kandalama. Mafuta ophikira anayamba kugulitsidwa m'timapepala ta pulasitiki ta mtengo woti aliyense akwanitse. Ndiwo zotendera tinayamba kuziona ngati za osauka, zokazinga ngati za otsogola. Pa msika panadzaza chiwaya cha tchipisi, zigege, mandasi, kanyenya, ndi zakumwa zozizira. Mayi amene amagulitsa pa benchi tsiku lonse amadya zimene zili pafupi naye, ndipo zimene zili pafupi nayezo n'zokazinga. Mitanda ya nsima yokha ndi imene sinasinthe kukula. Tikuomolabe ndi chipande cha agogo.

Zotsatira zake zinalembedwa. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita anapeza kuti mu 1992 amayi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse anali ndi thupi lopitirira muyezo. Pofika 2015 ndi 2016 anali 21 pa 100 aliwonse. M'tauni ndi ochuluka, koma kumudzi nakonso chiwerengero chikukwera. Kafukufuku wina wa mu 2009, wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO, anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Oposa asanu pa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga. Koma kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapezanso kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nyumba imodzi, mayi wonenepa, mwana wopinimbira. Ndimaziona sabata iliyonse kusikelo ya ana.

Pali chinanso chimene chimandikhudza ine ngati namwino wa kuno. M'zaka za m'ma 1980 dokotala wa ku England, David Barker, anaonetsa kuti ana obadwa ndi sikelo yochepa amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a mtima akakula, ndipo akatswiri ena anapeza zomwezo pa BP ndi shuga. Thupi limene linayamba moyo m'kusowa limavutika kwambiri likadzakumana ndi mafuta ndi shuga wambiri. Ambiri a ife tinabadwa m'nyumba za kusowa. Choncho musadziyerekeze ndi munthu wa pa kanema amene ndi wonenepa koma akuti alibe vuto.

Tsopano mawu oti makalori, amene achinyamata amakonda kutchula, ndi chiyani? Ndi muyezo chabe wa mphamvu imene ili m'chakudya, monga momwe lita ilili muyezo wa mafuta. M'zaka za m'ma 1780, ku Paris, Antoine Lavoisier ndi mnzake Laplace anaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi madzi oundana, n'kuyeza madzi amene anasungunuka ndi kutentha kwa thupi la kanyamako. Anaona kuti thupi limatentha chakudya ngati momwe moto umanyeketsera nkhuni, kungoti pang'onopang'ono. Patatha zaka zoposa 100, ku America, Wilbur Atwater anamanga kachipinda kotsekeka kumene munthu ankakhalamo masiku angapo, akudya zoyezedwa, nthawi zina akupalasa njinga yosayenda. Kuchokera kwa iye tinatenga manambala amene tikugwiritsabe ntchito: galamu imodzi ya chakudya chokhutitsa ngati ufa kapena shuga imapereka makalori 4, ya chakudya chomanga thupi 4, koma galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Zimene thupi silinagwiritse ntchito silitaya. Limasunga ngati mafuta, kudikira njala.

Tiyeni tiwerengere ndi zinthu za m'khitchini mwathu. Mayi wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, kuposerapo ngati ali pa ntchito yolemetsa ya kumunda. Magalamu 100 a ufa ali ndi pafupifupi 360. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120. Kasupuni kakang'ono ka shuga kosadzaza mpaka pamwamba kali ndi 16, koma ndani wa ife amathira kosadzaza? Masupuni atatu odzaza m'kapu, makapu awiri pa tsiku, mwadutsa kale 150 musanalume kanthu. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8, makalori oposa 120. Tsono munthu wa makilogalamu 70 akayenda mwandawala kwa mphindi 30 amatentha makalori pakati pa 130 ndi 150. Ndiye kuti botolo limene mwamwa pa mphindi ziwiri mukudikira minibasi, kuti mulibweze muyende theka la ola. Mafuta amene mwathira kawiri mu kabichi, pafupifupi ola lathunthu.

Ine poyamba ndinkaganiza kuti chigayo ndi kabaza ndi amene atinenepetsa, moti tikangoyambiranso kuyenda zonse zitheka. Ali ndi mbali yawo, koma kafukufuku wina wa kwa aneba athu anandisintha maganizo. Kumpoto kwa Tanzania, pafupi ndi nyanja ya Eyasi, kuli anthu otchedwa Ahadza amene mpaka lero ena a iwo amadalira kusaka nyama, kukumba mizu ndi kufula uchi. Amayenda mitunda italiitali tsiku lililonse. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza mphamvu imene matupi awo amatentha pa tsiku. Poganizira kukula kwa thupi, inali yofanana ndithu ndi ya anthu a ku America ndi ku Ulaya okhala m'maofesi. Zikuoneka kuti thupi likamagwira ntchito yambiri masiku onse limaphunzira kusinira kwina. Ahadza ndi ochepa thupi makamaka chifukwa cha zimene amadya. Ndi chifukwa chake mumaona mayi amene amalima ndithu, amatunga madzi, koma thupi likungokwera: khasu la m'mawa silingathe kumaliza tiyi wa shuga, mandasi atatu, mitanda inayi masana ndi inayi madzulo. Komanso khasu ndi la nyengo. Tikakolola mu April ndi May ntchito imachepa, chakudya chimachuluka, maukwati ndi zinkhoswe zimayamba.

Musamve ngati ndikuti kuyenda n'kopanda ntchito. Kumatsitsa BP, kumathandiza thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, kumalimbitsa mtima ndi miyendo, ndipo amene achepetsa thupi n'kumapitiriza kuyenda ndi amene kawirikawiri salibwezeretsa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Sizifuna jimu kapena nsapato zapadera. Kuyenda mwandawala mpaka kupuma kusinthe koma mukutha kuyankhula, kupalasa njinga, kulima, kuvina kukwaya kapena kuchinkhoswe, netibo, zonsezi zimawerengedwa. Ku America, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002 anatenga anthu amene anatsala pang'ono kudwala shuga. Amene anathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kuyesetsa kutsitsa thupi ndi magawo 7 pa 100 aliwonse, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100. Taonani kuchepa kwake: kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewo ndi makilogalamu 6 okha. Palibe amene akukupemphani kuti mubwerere thupi la pa utsikana.

Nsima musaisiye, ndipo aliyense wokuuzani kuti muisiye sakhala kuno. Ngati mumadya mitanda inayi, yambani kudya itatu, pakapita masabata angapo iwiri, ndipo malo otsalawo mudzaze ndi masamba ndi nandolo, nyemba kapena usipa. Mgaiwa ndi ufa woyera makalori ake sasiyana kwenikweni, koma mgaiwa uli ndi gaga ndi michere imene timataya pokonola, ndipo umakhalitsa m'mimba. Mafuta muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Nsinjiro nazo zili ndi mafuta ambiri, koma zimabwera ndi zomanga thupi, ndiye dzanja limodzi lokwanira mphika ndi labwino kuposa kukazinga. Shuga mu tiyi muzichotsa kasupuni kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse, lilime limazolowera. Thobwa lothira shuga wambiri ndi maheu a m'sitolo muziwerenge ngati chakudya, osati madzi. Abambo, mowa nawo uli m'gulu lomweli. Mbatata kapena chinangwa chowiritsa m'mawa chimaposa mandasi, ndipo mango, mapapaya ndi magwafa tili nawo pakhomo. Kudumpha chakudya tsiku lonse kenaka n'kudzalipsira usiku sikuthandiza. Kutsika kwa kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa mwezi n'kokwanira, ndipo ndi kumene kumakhalitsa.

Matiyi ndi mapilitsi "ochepetsa mimba" amene akugulitsidwa pa WhatsApp ndi m'misika, ambiri ndi otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Chimene chimatsika ndi madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu wa BP kapena wa vuto la impso akhoza kuvulaza. Ndalama imeneyo gulani mazira a ana.

Uthengawu si wa aliyense. M'nyumba zambiri kuno vuto likadali kupeza chakudya, makamaka zaka za chilala ngati 2024, ndipo ngati ndi mmene zilili kwanu, nkhani yochepetsa mitanda si yanu. Amayi oyembekezera asayese kuchepetsa thupi, ndipo oyamwitsa amafuna chakudya choonjezera, choncho iwo achepetse za shuga ndi zokazinga zokha basi. Ana musawachepetsere chakudya chifukwa choti inu mwayamba kuchepetsa: iwo akufunika magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya kuti akule. Amene muli pa mankhwala a shuga, kambiranani ndi achipatala musanasinthe kadyedwe, chifukwa shuga akhoza kutsika mopitirira. Amene muli pa ma ARV, kuyambira mu 2019 ambiri munasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndi amphamvu kwambiri popondereza kachilombo, koma kafukufuku, kuphatikizapo wina wa ku Johannesburg, anaonetsa kuti ena amanenepa nawo, makamaka amayi. Chonde musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha thupi. Nenani kuchipatala, akuyezeni BP ndi shuga, mukambirane.

Ndipo diso la agogo lija silinalakwe pa chilichonse. Ngati thupi likutsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB, shuga, HIV kapena khansa. Kuonda kofuna nokha kumabwera pang'onopang'ono ndipo mphamvu zimawonjezeka. Kuonda kwa matenda kumabwera ndi kufooka.

Mukafuna kudziwa pamene muli, pemphani kuti akuyezeni sikelo ndi msinkhu, akuwerengereni nambala yotchedwa BMI. Ikafika 25 thupi lapitirira muyezo, ikafika 30 ndi kunenepa kumene kumaitana matenda. Kunyumba mukhoza kubwereka tepi ya telala n'kuyeza mimba chapamchombo mutatulutsa mpweya. Kwa mayi, ikadutsa masentimita 80 ndi chenjezo, ikadutsa 88 musazengereze.

Mayi aja tinagwirizana zinthu zitatu zokha: shuga kasupuni kamodzi, mitanda iwiri madzulo, ndi kupita kumsika wapansi n'kukwera kabaza pobwerera pokha chifukwa cha katundu. Anabweranso patatha miyezi inayi atatsika makilogalamu anayi. BP inali itatsikako koma mankhwala akumwabe, ndipo maondo akuti akuwawabe kukazizira. Zimene ankaopa zija zinachitikadi: apongozi awo anawaitanira kuseri kwa nyumba n'kuwafunsa ngati pali chimene akubisa. Iwo analowa m'nyumba, natenga buku lawo la kuchipatala, n'kuwawerengera manambala a BP kuyambira tsamba loyamba. Mwezi wotsatira anabwera nawo apongoziwo kuti nawonso tiwayeze.